Foni ya Ababa ndi Nkhope ya Alamu

1

Dzina langa ndine Tusekile, koma kuno ku Tukuyu mukafunsa Tusekile anthu amayamba ayang'anana kaye. Mufunse kuti, "Kamtsikana kolongolola ka kwa a Mwakalobo kali kuti?" ndipo ngakhale mwana wa kumsana akulozerani kwathu. Akuti pakamwa panga sipagona chinthu. Bodza limenelo. Ine chinsinsi ndimasunga bwinobwino, kungoti chikalemera ndimapempha anthu awiri atatu kuti andithandize kunyamula.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo Sitandade 7 ndikuibwereza chifukwa ine ndi masamu sitipatsana moni. Nkhani ndikufuna kukuuzaniyi inatsala pang'onong'ono kupasula banja la achimwene anga, ndipo chala chimene chinapalamula ndi chomwechi ndagwirira cholemberachi. Khalani bwino.

Achimwene anga a Gwakisa anakwatira chaka chatha. Akazi awo ndi alamu Atuganile a ku Kyela, munthu wa mawu oti akakuitana kukadya umayamba kukhuta usanasambe m'manja. Phwando la ukwati litangotha, achimwene anabwerera ku migodi ya golide ku Chunya. Alamu anatsala m'kanyumba kawo kuseri kwa nthochi, ife tili m'nyumba yaikulu ndi ababa ndi amayi.

Kwathu mwambo wa apongozi sitiseweretsa. Mtengwa saonana maso ndi bambo a mwamuna wake, salowa m'nyumba mwawo, ndipo dzina lawo salitchula ngakhale kutulo. Ababa akamatuluka amayamba akhosomola pakhomo, khoo khoo, kuti alamu adziwe. Ndiye mungoona chidebe chagwa uko, chitenje kumutu, munthu liwiro kukalowa m'nthochi ngati nkhwali. Alamu akafuna kutchula ababa amati "eni khomo". Ababa akafuna kutchula alamu amati "a kuseri". Chaka chathunthu akumwa mkaka wa ng'ombe imodzi, koma atakumana pamsika sangadziwane.

Amayi akhoza kukukhululukira ukalakwitsa. Koma kutsidya kwa mtsinje kumakhala azakhali Sekela, achemwali awo a ababa. Amenewo mwambo amauteteza ngati nkhuku ya anapiye.

2

Tsiku lina tikusenda nthochi zophika kuseri, alamu anayang'ana uku ndi uku.

"Tuse, ungasunge chinsinsi?"

"Ine? Alamu, mwafika penipeni."

"N'chifukwa chake ndikuopa," anatero akuseka. Koma anandiuzabe.

Bungwe la alimi a mapeyala linali litalengeza mpikisano. Wachinyamata aliyense wa m'bungwemo ajambule kanema akulankhula mphindi zitatu, ataimirira, nkhope ikuoneka, osadula pakati. Kanemayo afike Lachisanu dzuwa lisanalowe. Opambana akaphunzira ku Mbeya kuulutsa pulogalamu ya alimi pa wailesi.

"Kusukulu ine ndinali wa mtsutso, Tuse. Ndikaima kutsogolo anyamata a Fomu 4 ankayamba kufuna madzi. Lero ndimalankhula ndi ng'ombe basi."

"Ndiye jambulani! Achimwene akukana?"

"Achimwene ako avomera. Koma ndijambula ndi chiyani?"

Anatulutsa kafoni kawo kamabatani, kaja kamene ntchito yake yaikulu ndi kuunikira kuchimbudzi. M'nyumba mwawonso muli mdima ngati m'mphika, kazenera kamodzi. Panja nako mvula ya kuno siipempha chilolezo. Kenaka anatsitsa mawu.

"Chachikulu n'chakuti akufuna uyambe ndi dzina lonse limene unalembetsa ku bungwe. Achimwene ako anandilembetsa Atuganile Gwakisa..." Anaima, n'kuloza nyumba yaikulu ndi milomo.

Ndinamva. Dzina lachitatulo ndi Mwakalobo, ababa enieniwo.

Abale, munthu wanzeru akanati pepani alamu, dikirani mpikisano wina. Koma ine mtima unali utayamba kale kuvina.

"Ababa ali ndi foni yaikulu imene achimwene anawagulira. Pabalaza pawo pali khoma loyera ndi zenera lalikulu. Masana aliwonse amapita ku bawo, amayi amakhala ali kumsika. Nanga vuto lili pati?"

Alamu anagwetsa mpeni. "Iwe mwana, ukufuna andibweze ku Kyela ndi chikwama pamutu?"

"Adziwa ndani? Khoma lilibe pakamwa."

"Khoma lilibe. Koma iwe uli napo."

Ndinalumbira, ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba. Alamu anatola mpeni wawo. Koma nthochi imene ankasenda anaisenda mpaka inatsala ngati pensulo.

3

Lolemba mwayi unabwera wokha. Ababa anakhosomola, anatenga ambulera, ulendo wa ku bawo. Foni anaisiya patebulo ikumwa moto. Ndinathamanga kuseri ndikudumpha matope.

"Alamu! Tiyeni! Mulungu wayankha!"

"Usamuikemo Mulungu m'zakuba zako."

Anabwera atavala diresi lawo la buluu la kutchalitchi. Pakhomo anavula nsapato, anaponda ndi chala chimodzi ngati akuyesa madzi a mumtsinje. Atangolowa anakuwa n'kuphimba kumaso. Pakhoma panali chithunzi cha ababa atagwira maikolofoni pa ukwati wina.

"Sindinaone! Ndaona jekete lokha!"

Ndinakwera pampando n'kuchitembenuza chithunzicho kuti chiyang'ane kukhoma. Foni ndinaitsamiritsa pa fulasiki ya tiyi, inagwa. Ndinaitsamiritsa pa mabuku a nyimbo, inajambula denga. Mapeto ake ndinaigwira ndekha, zigongono nditazikanikiza m'nthiti.

"Yambani!"

"Alimi anzanga, ndakupatsani moni. Dzina langa ndine Atuganile Gwakisa Mwa... Mwa... Mwa..."

"Alamu, mukuitana mphaka?"

Tinaseka mpaka tinakhala pansi. Tinayambanso, ng'ombe inalira m'khola ngati yalipidwa. Tinayambanso, tambala anakwera pazenera penipeni n'kupereka maganizo ake. Nditamuthamangitsa, mvula inayamba pa malata, wawawa, moti mu kanemamo munkangooneka munthu akutafuna mphepo.

Mvula itakata, alamu anatsinzina, anapuma, n'kulitulutsa dzinalo monong'ona, mwaliwiro, ngati akulavula mbewu ya tsabola. Kenaka anagwira pakamwa n'kuyang'ana kudenga, kudikira kuti ligwe.

Silinagwe.

"Mwaona? Muli moyo!"

"Tuse, tandionetsa msanga."

Tinaonera limodzi, mitu itagundana. Alamu ankaoneka bwino, koma ankalankhula ngati basi ikuwasiya. Ndinafufuta zonse, foni ndinaipukuta ndi chitenje, chithunzi ndinachibweza, mapazi a alamu ndinawakolopa. Ababa atabwera anangotenga foni yawo n'kuika m'thumba. Ine ndinali pakhonde ndikusankha nyemba ngati mngelo.

4

Lachiwiri ababa anaiwalanso foni. Lachitatu chimodzimodzi. Ndinauza alamu kuti ukalamba wayamba, tiyamike.

Muyenera kudziwa kuti ababa ndi munthu wa maikolofoni. Maukwati, maliro, zolengeza za kutchalitchi, zonse amayendetsa ndi iwo. Ndiye akamamvera wailesi samangomvera, amaiweruza. Koma sabata imeneyo anachita kunyanya. Tikudya, anailoza ndi fupa la nsomba.

"Tamumvani uyu. Akuyamba ngati mkango, akumaliza ngati kamwana ka mphaka. Mawu omaliza akumeza! Mawu omaliza umawatula pansi bwinobwino ngati dzira."

Ine ndinadabwa pang'ono, chifukwa pa wailesipo ankalankhula bambo wa zanyengo, ndipo sankameza kanthu. Koma mawuwo anandikomera. Mbale ndinazisiya m'madzi, ndinazemba kupita kuseri.

"Alamu, ndaganizira bwino. Vuto lanu mukumeza mawu omaliza. Muziwatula pansi ngati dzira."

"Iwe, nzeru zimenezi wazitenga kuti?"

"Zobadwa nazo."

Mawa lake ababa anaikalipiranso wailesi. "Uyu akupuma pakati pa mawu ngati akukwera phiri ndi mkoko wa nthochi pamutu. Munthu umapuma pamene ganizo lathera. Ndipo ukafunsa funso, ulisiye liyende kaye pakati pa anthu, osalithamangira ndi yankho."

Zimenezonso ndinakazitula kuseri ngati zanga. Alamu anayamba kunditchula kuti aphunzitsi. Ine ndinayamba kuyenda manja ali kumbuyo.

Koma abale, zinagwira ntchito. Pofika Lachinayi alamu anaima pakhoma loyera lija, mapewa ali gwa, n'kunena kuti:

"Wogula akabwera mtengo ukadali maluwa, n'kukupatsani ndalama ya m'manja, mukuganiza kuti akugula chiyani?"

Anakhala chete. Ngakhale tambala anakhala chete.

"Akugula njala yanu. Mapeyalawo adzangotenga ngati basera."

Tsitsi linandiimirira. Ndinaiwala kuti ndagwira foni, ndinaomba m'manja, foni n'kugwera pa sofa. Tinayambanso.

Chinsinsi chinkandiwotcha pakamwa ngati phala la moto. Kusukulu mnzanga Subilaga anandifunsa chifukwa chimene ndinkangomwetulira ndekha, ndinaluma kolala ya yunifolomu. Ndikukuuzani, sabata imeneyo sindinauze munthu ngakhale mmodzi. Koyamba m'moyo mwanga. Ndipo taonani mmene zinathera.

5

Lachisanu kusukulu sindinapite, ndinati m'mimba. Ababa anachoka m'mawa, akuti akayamba adutsa kwa abusa. Foni patebulo, moto wodzaza.

Tsiku limenelo zonse zinatimvera. Dzuwa linalowa pazenera, ng'ombe inali kudya, tambala ndinamutsekera m'dengu. Alamu analankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza osapunthwa. Dzina lokha ndi limene ananong'onabe, koma tinati zilibe kanthu. Tinagwirana manja n'kumadumpha pabalaza pa eni khomo ngati ana a mbuzi.

"Tumiza msanga, Tuse, ndisanafe!"

Nambala ya bungwe ndinali nditaisunga kale. Ndinalowa pa Watsapu, ndinadina kanemayo, ndinadina kamuvi kotumizira, panatuluka mayina a anthu. Nthawi yomweyo kumsewu kunamveka khoo khoo.

Mtima unangoti phaa. Alamu anatulukira khomo la kumbuyo nsapato zili m'manja. Ine ndinadina dzina la pamwamba penipeni, poganiza kuti nambala yatsopano imakhala pamwamba. Ndinadina kobiriwira, ndinafufuta kanemayo, foni patebulo, chithunzi ndinachitembenuza. Nditasuzumira panja, anali bambo wina wogulitsa makala, wachifuwa chake chenicheni.

Ndinapita kumpopi ndikuimba. Ndinapeza amayi atatu ataunjikana pa foni imodzi. Atandiona anasiya kulankhula. Mmodzi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ee, kwanu zinthu zatukuka. Apongozi ayamba kuonetsa atengwa awo pa sitetasi?"

"Pa chiyani?"

Ananditembenuzira foniyo. Pamwamba panali dzina la ababa. Pansi pake alamu, diresi la buluu, nkhope yonse poyera, ataima pabalaza pa ababa, akutchula dzina la ababa.

Inu, pamwamba paja sipanali nambala ya bungwe. Panali sitetasi, pamene chimene waika chimaonekera kwa onse. Akulu a mpingo, a kwaya, anzawo a bawo, abale a ku Kyela, aliyense amene ali ndi nambala ya ababa anali ataona. Ku bungwe kokha ndi kumene sikunafike kanthu.

Chidebe ndinachisiya pompo. Ndisanafike kunyumba, njinga yamoto inandipitirira. Kumbuyo kwake kunali azakhali Sekela, atakhala chammbali, foni ataikweza m'mwamba ngati muuni.

6

Pofika masana tonse tinali pakhonde. Amayi anawaitanitsa kumsika. Ababa anakhala pampando atafulatira khitchini, chifukwa alamu anali m'khitchinimo kuseri kwa chitseko. Sitetasi ndinali nditaichotsa, koma madzi akatayika saoleka.

"Achimwene, mwatipha!" anayamba azakhali. "Mkulu wa mpingo, nkhope ya mtengwa m'thumba la malaya! Mukudziwa zimene akunena kumsika? Akuti mwana ali ku Chunya, ndiye bambo akusamalira munda. Ndanena ine? Anena ndi anthu!"

Amayi anagwira pachifuwa.

"Mtsikanayu anyamuke lero lomwe apite kwawo. Akwawo abwere ndi mbuzi adzapepese. Za mpikisanozo zithere pomwepa."

Apo ndiye ndinalira, kulira kwa mamina. Ndinagwada.

"Azakhali, ndine! Foni ndinkaba ndine, alamu ndinawakakamiza ndine, podina ndinadina ndine. Ababa sakudziwa kanthu. Ndimenyeni ine!"

"Iwe tikumenya, usadandaule, nthawi yako ikubwera. Koma amene anaponda pabalaza ndi kutchula dzina ndi munthu wamkulu, wa mano onse."

Kuseri kwa chitseko kunamveka mawu. Sanali onjenjemera. Anali mawu aja a pakhoma loyera.

"Tuse."

"Alamu?"

"Uwauze eni khomo kuti ndalakwa. Ndinalowa m'nyumba mwawo ndi miyendo yanga, palibe anandinyamula. Akati ndipite ku Kyela, ndipita."

Ababa anali pafupi kwambiri moti anamva okha, koma mwambo ndi mwambo. Ndinatembenuka n'kubwereza zonse ndikufwenthera.

"Uwauzenso," anapitiriza alamu, "kuti kanemayo ndiye sindimusiya. Ndikapanda kutumizira pano, ndikabwereka foni pa siteji ya basi ndikajambulire pomwepo. Dzuwa likadalipo."

Azakhali anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva? Mwamva mwano wa ku Kyela?"

Ndinayang'ana ababa. Ndinkadikira bingu. Koma mapewa awo ankagwedezeka pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti akulimbana ndi chinachake pakamwa.

"Anapuma pamene ganizo lathera," anatero chapansipansi. "Mwamva, achemwali? Ndipo mawu omaliza anawatula bwinobwino."

7

"Mukuti chiyani?" anafunsa azakhali.

Ababa anatulutsa foni n'kuiika pa bondo.

"Foni iyi siinabedwe. Ndinkaisiya."

Kulira kwanga kunaima pakati.

"Lolemba lija ndinaiiwaladi. Nditafika pamlatho ndinabwerera kudzaitenga. Ndili pampanda ndinamva mawu m'nyumba mwanga. Ndinati ndani watsegula wailesi? Ndinaima m'mvula. Achemwali, ndagwira maikolofoni kuyambira Gwakisa asanabadwe, koma mawu otero kuno sindinawamvepo. Chifuwa changa ndinachimeza, ndinabwerera ku bawo."

"Koma ine ndinkafufuta!" ndinakuwa.

"Foni ili ndi dzala lake, mwana iwe. Achimwene ako anandionetsa. Chimene wataya chimakakhala kudzalako."

Azakhali anaimirira. "Ndiye munkaonera? Ndi maso anuwa?"

"Khalani pansi. Ndinkapita m'khola, ndinkavula magalasi. Inu mukudziwa kuti popanda magalasi sindisiyanitsa munthu ndi thunthu la nthochi. Ndikadina, foni ndinkaigoneka chafufumimba, chipewa pamwamba, ine n'kumamvetsera. Lero ku bawo anzanga atafuna kundionetsa ndinatsinzina mpaka m'maso munawawa. A kuseriwa nkhope yawo sindikuidziwa mpaka pano. Makolo anatiletsa maso. Za makutu sananene."

"Nanga kukalipira wailesi kuja?" ndinafunsa, ngakhale yankho linali litayamba kundiyabwa.

"Ndikanatuma ndani? Ndikanakutuma poyera, bwenzi azakhali ako atamva tsiku lomwelo. Koma ndinadziwa kuti chimene chagwera m'khutu mwako chifika kuseri mbale zisanaume."

M'khitchini munaphulika chiseko. "Zobadwa nazo!" anakuwa alamu, kenaka tinamva akudzitseka pakamwa. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Azakhali sanaseke. "Chabwino, maso mwawasunga. Nanga dzina? Dzina lanu latuluka m'kamwa mwa mtengwa, Tukuyu yense wamva."

Apo amayi, amene sanalankhule chiyambire, anakonza chitenje chawo.

"Alamu Sekela, ine bambo anu ndinawathawa zaka makumi awiri. Ndinawaphikira, ndinawachapira, osawaona. Nkhope yawo ndinaiona koyamba ali m'bokosi. Ndinapeza kuti mphuno ya Gwakisa wanga ndi yawo. Anthu ankati ndikulira apongozi, koma ine ndinkalira mphunoyo, kuti bwanji palibe anandiuza." Anapukuta m'maso. "Mwambo sindikuutaya. Koma mwana wa eni sachoka pakhomo pano chifukwa cha dzina limene mwini wake sakudandaula."

Azakhali anabweza foni yawo m'chikwama. Bambo amenewo anali awo.

"Mbuzi iperekedwa," anatero ababa, "koma ichoka m'khola langa kupita ku Kyela, chifukwa mwana wawo tamuika pakamwa pa anthu ndife. Za kumsikazo ndikaziyankha ndekha Lamulungu, zolengeza zikatha. Tsopano dzuwa likupita. Tuse, uwauze a kuseri kuti wa lero uja sapita ku bungwe. Zonse zili bwino, koma pa dzina akunong'ona ngati munthu woba nkhuku. Ajambulenso."

8

Ababa ananyamula mpando wawo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, atayang'ana kumsewu, magalasi ali m'thumba. Amayi anathamangitsa nkhuku. Alamu anatuluka m'khitchini maso ali ofiira, duku litapendekeka.

Azakhali anali atanyamula kale chikwama chawo. "Ine sindikuona kanthu, sindikumva kanthu, ndikupita." Anafika pa sitepe, anacheuka, anatsonya. "Ndiye ajambulitsa ndi duku limeneli? Anthu a ku Mbeya aziti kwa Mwakalobo kulibe akazi? Tabwera kuno iwe."

Anawamanga duku mwaukali moti nsidze za alamu zinakwera. Kenaka anawakankhira pabalaza, iwo n'kuima pazenera atagwira katani kuti kuwala kulowe, nkhope atayang'anitsa kumbali kuti tidziwe kuti sakugwirizana nazo.

Ndinakweza foni.

"Alimi anzanga, ndakupatsani moni. Dzina langa ndine Atuganile Gwakisa..."

Anaima. Kunong'ona mwakabisira n'kwina. Kulitchula mokweza, mwini wake ali panja pomwepo, azakhali ali pambali, n'kwinanso. Milomo inkayenda koma mawu osatuluka. Dzuwa linali litafika pansonga za nthochi.

Panja panamveka mawu a ababa, aja a pa maikolofoni, akulankhula ndi msewu.

"Tusekile!"

"Ababa!"

"Uwauze a kuseri kuti dzinalo ndawabwereka kwa mphindi zitatu. Aligwiritse ntchito ngati lawo. Akamaliza abweze."

Sindinachite kubwereza. Alamu anaseka, misozi n'kugwa, anaipukuta ndi nsonga ya duku. Ndinadinanso.

"Dzina langa ndine Atuganile Gwakisa Mwakalobo!"

Linamveka mpaka kukhola. Azakhali anatsinzina ngati alumidwa ndi njuchi, koma katani sanaisiye. Alamu anapitirira, funso analisiya liyende, mawu omaliza anawatula. Potumiza, anthu atatu anaunjikana pamsana panga kuyang'anira chala changa, ndipo azakhali anandigwira khutu mpaka timizere tiwiri tosonyeza kuti kanema wafika titaoneka.

Alamu anapita pakhomo, anagwada atayang'ana kukhoma.

"Tuse, uwauze eni khomo kuti dzina lawo ndabweza. Aliyang'ane bwino, silinathyoke."

Ndinathamanga mpaka pamtengo paja n'kukanena mawu ake onse, osaonjezera ngakhale limodzi. Ababa anagwedeza mutu, akuyang'anabe kumsewu.

"Uwauze kuti ndalandira. Abusa amalidula pakati, koma iwowa alibweza lathunthu."

9

Lamulungu ababa anaima kutsogolo n'kufotokoza za chipewa ndi khola, tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete, ndipo amayi a kumpopi aja anayang'ana pansi. Achimwene anaimba kuchokera ku Chunya, anandikalipira mpaka ndalama za mufoni zinawathera. Mbuzi inapita ku Kyela pa njinga yamoto ikulira njira yonse. Ine chilango changa ndi kuchotsa ndowe m'khola mpaka Khirisimasi, ndipo foni ya ababa ndimaiona patali ngati mwezi.

Patapita masabata angapo bungwe linaimba. Mwa anthu atatu oitanidwa ku Mbeya, alamu analipo. Ananyamuka ndi chikwama pamutu ndithu, koma cholowera kumene ankafuna okha.

Owerenga anzanga, makamaka inu a pakamwa pofunda ngati ine, ndili ndi mawu awiri. Oyamba, musanadine chinthu pa foni ya eni, werengani kaye, ngakhale kunja kukhosomole mkango. Chala changa chinatsala pang'ono kuthamangitsa munthu wosalakwira aliyense, ndipo zimene ananena anthu kumsika zija ndikazikumbukira tulo timandithawa. Ndinamva mmene miseche imawawira ikakhala kuti ikunena za kwanu.

Achiwiri ndi awa. Ine ndakhala ndikunyamula mawu a anthu chibadwire, popanda wondituma, n'kumawathira mchere m'njira. Tsiku lija ndinanyamula mawu otumidwa, kuchoka pakhomo kufika pamtengo, mtunda woti nkhuku siitopa. Anali olemera kuposa miseche yonse ya ku Tukuyu, moti ndinayenda nawo ngati madzi odzaza m'chidebe. Nditawatula palibe anandipatsa mbama. Azakhali Sekela enieniwo ananditsanulira tiyi wamkaka, n'kundifunsa monong'ona kuti pulogalamu ya alimiyo imayamba nthawi yanji.